Tsiku Limene Ndinakhalira Chikatoni cha a Gondwe

Ndivomere pano pano kuti nkhani yonse ija ndinaiyambitsa ndine, Chawanangwa, mwana wachitatu wa a Nyirenda a ku Chibavi, mu Mzuzu muno. Ndikuvomera chifukwa aliyense kwathu akudziwa kale, osati chifukwa ndikumva chisoni. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu akamaikamba nkhaniyi amathera pa dzina langa, osafika pa chikatoni. Chikatonicho ndiye chinali ndi mlandu waukulu, koma mpaka lero palibe amene anachifunsa.

Ntchito anandipezera ndi mlongo wanga wamkulu, Tiwonge, amene kunyumba timamuitana kuti adumbu. Iye ankagulitsa matikiti pakhomo pa holo imene a Gondwe ankaonetseramo mafilimu Loweruka ndi Lamulungu masana. Mnyamata amene ankathandiza a Gondwe pa pulojekita anali atapita kukafuna ntchito ku esiteti, ndiye ankasaka wina wa manja achangu komanso womva Chingerezi. Ine ndinali mu Fomu 3.

"Chingerezi cha m'mphuno chija umachimva?" anandifunsa a Gondwe.

"Ndimachimva, adada."

"Ndiwe wamasewera?"

"Yayi, adada."

Tiwonge anayang'ana kudenga. Mawa lake ndinayamba.

Ntchito ya filimu imayamba Lachisanu, osati Loweruka monga anthu amaganizira. Ndikaweruka kusukulu ndinkakwera njinga ya a Gondwe kupita kudepoti kukatenga zitini zaphwatalala zimene zinkabwera pa basi kuchokera ku Blantyre. M'chitini chilichonse munali rilo imodzi. Tikafika m'kachipinda kosungiramo mabenchi, ndinkaidutsa filimu yonse pakati pa zala ndi kansalu kofewa, kumvetsera ngati timabowo ta m'mbali tang'ambika. Pong'ambika timadula ndi lezala, kulumikiza ndi selotepu, n'kubooleza timabowo bwinobwino. Kenako kuimanga pa pulojekita: kuchoka pa rilo yakutsogolo, kudutsa pa mano a pamwamba, kusiya kokhota kokwana zala ziwiri, kulowa pa kachitseko kamene kali kuseri kwa lenzi, kusiyanso kokhota kena pansi, kuzungulira kamgolo ka mawu, n'kukathera pa rilo yakumbuyo. Ukaiwala kokhota kaja chithunzi chimanjenjemera ndipo mawu amasemphana ndi milomo. Babu sugwira ndi zala. Filimu ikaima pa kachitseko ngakhale pang'ono imapsa, ndipo anthu amaona chibowo chikukula pa nkhope ya munthu. Zonsezi ndinaziphunzira msanga ndipo ndinkazikonda chomene.

Koma panali ntchito ina imene sinalembedwe m'buku la pulojekita. A boma ankakhala atadula kale zawo filimu isanatumizidwe. Za sizasi ya boma sindinenapo kanthu, ndine mwana wasukulu. Ndikunena za zimene zinkatsala, zimene a Gondwe ankaziopa okha. Tinkaonera filimu yonse pakhoma la kachipinda kaja, iwo atagwira nyuzipepala yakale. Akaona pamene sakupafuna ankang'amba timapepala tiwiri, ndipo pobweza filimu ndi chopukusa tinkatilowetsa mu rilo, kena poyambira, kena pothera. Loweruka filimu ikamayenda, kapepala koyamba kakagwera patebulo ine ndinkaika chikatoni kutsogolo kwa lenzi. Kachiwiri kakagwa ndinkachichotsa. Chinali chidutswa cha katoni ya sopo, chakuda m'mphepete ndi thukuta la anyamata amene anagwira ntchitoyi ine ndisanabwere.

Lamulo lake a Gondwe anandiuza kamodzi kokha. "Mwamuna ndi mkazi akayandikana kuposa mkono, chikatoni. Phewa la mkazi, chikatoni. Bondo, chikatoni. Ukuwaona anyamata a chipani amakhala benchi yakumbuyo aja? Mmodzi akangolankhula, chilolezo changa chapita."

"Nanga mwamuna akamamenya mkazi, adada? Amakhalanso ayandikana."

"Imeneyo ndi ndewu. Ndewu ndiyo anthu amadzera."

Apa mpamene mtima wanga unayamba kuwira. Munthu amene amaonera filimu iliyonse katatu amayamba kuona zimene ena saziona. Ine ndinafika pozindikira ndi makutu okha zimene zikubwera. Mwamuna akangofuna thupi la mkazi, opanga filimu amamupatsa chilichonse: lipenga lolira mwaulesi, magetsi ofiira, utsi wa fodya, galimoto yabwino. Zimachitika mothamanga, akumana pa bala, ayang'anana, chitseko chatsekeka. Mawa lake mwamunayo ali m'tauni ina ndi mkazi wina, ndipo filimu siibwereranso kukaona kuti woyamba uja anadzuka bwanji. Chikondi chenicheni amachipatsa nthawi yochepa ndiponso alibe nacho lipenga. Chimakhala munthu akudikira mnzake pa siteshoni mvula ikugwa, kapena mkazi akumanga bandeji pa dzanja la mwamuna wake akumukalipira. Komabe mufilimu yabwino ziwirizi zimasiyana, ndipo wopenya amatha kusiyanitsa.

Chikatoni sichinkasiyanitsa. Chinkaphimba chithunzi, koma mawu ankapitirira pa sipika. Ndiye taganizani holo yodzaza anyamata, mawindo atatsekedwa ndi mabulangete, mdima wa bii, pa sipika pakumveka nyimbo yofatsa ndi munthu akupuma. Likhweru linkayamba pompo, ena kumenya mabenchi, ena kufuula zimene sindingalembe pano. Ine ndinkadziwa kuti kuseri kwa chikatoni changa kuli mayi akukumbatira mwamuna wake amene wabwera kuchokera kunkhondo wopanda mwendo. Holo yonse inkaona zina m'mitu mwawo. Tsiku lililonse la filimu ndinkatenga chinthu choyera n'kuchidetsa ndi dzanja langa, kenako filimu yomweyo inkaonetsa chimunthu chikukoka mtsikana tsitsi, ana aang'ono ali kutsogolo kukamwa yasa, chikatoni chili phee patebulo.

Wina akakwiya amadandaula kwa bwana. Ine ndikakwiya ndimayamba masewera. Ndinaganiza kuti ngati chikatoni chimatha kudetsa chilichonse, tiyeni tione pamene chimalekera. Ndinayamba kuphimba malo anga. Wansembe akalowa m'nyumba ya gogo wamasiye kukapemphera, chikatoni. Wapolisi akaima pa sitolo kugula machesi kwa mayi wonenepa, chikatoni. Holo inkachita kugwedezeka ndi likhweru. A Gondwe nthawi zambiri ankakhala panja akuyang'anira njinga za anthu, ndipo akamva phokoso ankangoti filimu yakoma. Lolemba anzanga a kusukulu kwathu ku Katoto ankandizungulira.

"Iwe Chawa, pa wansembe paja panali chiyani?"

Ine ndinkapukusa mutu ngati munthu amene waona zoopsa. "Amwene, musandifunse. Ndingamangidwe." Akandikakamiza ndinkapeka pang'ono, iwo n'kuwonjezera zambiri. Ndinkasangalala chomene.

Chimene sindinachiganizire ndi kumene mphekesera imakatera. Inachoka kwa ana asukulu, inafika kwa amayi ogulitsa nsomba kumsika, inakwera nawo basi n'kutsika mapiri mpaka ku Nkhata Bay. Pofika kumeneko inali itavala zovala zina. Inkati holo ya ku Chibavi imaonetsa zolaula, ndipo Lachisanu, zisanaphimbidwe, mtsikana wogulitsa matikiti amaonera zonse ali yekha ndi mwini filimu. Tiwonge sanalowepo m'kachipinda kaja ngakhale tsiku limodzi. Lachisanu iye ankakhala kukwaya. Amene ankaonera tinali ine ndi a Gondwe, amuna awiri, koma mphekesera inatidumpha tonse n'kukagwera munthu amene ankangong'amba matikiti pakhomo. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimafuna kuswa china chake.

Ndipo ku Nkhata Bay n'kumene kunali kwawo kwa Aubrey, makaniko wa m'tauni muno amene anali pa chibwenzi ndi Tiwonge. Zonse zinali zitayenda bwino. Thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri pa nkhani ya ukwati, anali atabwera kale kwathu ndipo tinkangodikira kuti adzatchule tsiku. Mwadzidzidzi thenga anasiya kubwera. Kenako kunafika mawu akuti bambo ake a Aubrey, a Longwe, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, abwera okha Loweruka kudzaona malo amene mpongozi wawo amagwirako ntchito. Akakhutira, thenga apitiriza. Akapanda kukhutira, basi.

Lachisanu limenelo a Gondwe anang'amba pafupifupi nyuzipepala yonse. Filimu inali ya woyendetsa sitima ya pamtunda amene mkazi wake anavulala pangozi, ndi bwana wina wankhanza wa kampani ya sitimayo. Mwamuna akagwira dzanja la mkazi wake, kapepala. Nesi akawerama, kapepala. Pomaliza rilo inkaoneka ngati nkhuku yonyowa, nthenga zili mbali zonse.

"Mawa mkulu uja asaone ngakhale chigongono," anatero a Gondwe.

"Adada, tikaphimba kwambiri anthu aimba likhweru kwambiri."

"Iwe ntchito yako ndi chikatoni. Kuganiza ndisiyire ine."

Loweruka kunacha ndi kamvula kathu ka Mzuzu kosatha kaja. A Longwe anafika atavala jekete yakuda, ambulera m'manja, Aubrey akuwatsatira ngati mwana wopita kukabayitsa jakisoni. Tiwonge anagwada pakhomo kuwapatsa moni. Iwo anayankha "yewo" mmodzi wouma, n'kulowa. A Gondwe anawakhazika pa mipando iwiri yokhayo yokhala ndi zotsamira, pakati pa holo, iwonso n'kukhala pambali pawo ngati mwini nyumba. Tisanayambe Tiwonge anabwera pa tebulo langa kumbuyo.

"Chawa, lero usachite zako. Ndakupempha."

"Ndichite za a Gondwe, adumbu?"

"Uchite zoti ndikwatiwe," anatero, maso ali ofiira, n'kubwerera pakhomo.

Tinaimirira kuimba nyimbo ya fuko, tinakhala pansi, ndinayatsa pulojekita. Kapepala koyamba sikanachedwe kugwa. Ndinaika chikatoni monga ndinauzidwira. Kuseri kwake woyendetsa sitima ankangothandiza mkazi wake kutsika masitepe a chipatala. Likhweru linaphulika. Mnyamata wina kutsogolo anafuula kuti, "Zayambika, chotsa tione nafe," holo yonse n'kugwa ndi phwete. Nditachotsa chikatoni, kuwala kunagwera pa mutu wa a Longwe, ndipo ndinaona akutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kukhomo kumene Tiwonge anaima. Sanayang'ane ine, sanayang'ane a Gondwe. Anayang'ana iye.

Ndinayang'ana rilo, timapepala tili mbwee kudikira nthawi yawo. Ndinadziwa kuti kalikonse kakagwa ndiye likhweru lina, ndipo likhweru lililonse ligwera mlongo wanga. Ndiye ndinanyamuka pang'ono pa sitululu yanga, ndinaika chikatoni pansi, n'kuchikhalira.

Kapepala kotsatira kanagwa. Pa chinsalu mwamuna anagwira dzanja la mkazi wake, anthu anaona dzanja, palibe amene anaimba likhweru. Kena kanagwa. Nesi anawerama kukonza pilo, anthu anaona pilo. A Gondwe anatembenuka n'kunditulutsira maso. Ine ndinali kalikiliki kupukuta lenzi ya sipeya. Kenako ndinawaona akunyamuka chowerama kuti abwere kumbuyo, koma sanapite patali. A Longwe anawakola mkono ndi chogwirira cha ambulera.

"A Gondwe, khalani pansi. Kumva ndamva kale kwathu. Kuno ndabwera kudzaona."

Anakhala.

Mu rilo yachiwiri munali pamene bwana wankhanza uja amapeza mtsikana wantchito akusesa mu ofesi. Mtsikana akukana, bwana akumumenya khofi, akumukoka tsitsi kulowa naye m'chipinda, chitseko n'kutsekeka. Pamenepa panalibe kapepala, ndipo sipakanakhala kapepala tsiku lina lililonse. Anyamata anaombera m'manja monga mwa masiku onse. Msana wa a Longwe sunagwedezeke.

Ndiye kunabwera malo amene a Gondwe anaikapo timapepala totalikirana kwambiri, chifukwa mapewa a mkazi amaoneka nthawi yaitali. Mkazi uja manja ake sankagwira ntchito chichitikire ngozi. Mwamuna wake akufika kuchokera kuntchito, akuvula jekete, akutenthetsa madzi. Akumukhazika mkazi pa mpando m'khitchini, thaulo m'khosi, akumuweramitsa pa beseni n'kuyamba kumusambitsa m'mutu. Sopo akulowa m'maso, mkazi akudandaula, mwamuna akupepesa, akupukuta ndi ngodya ya thaulo. Akumupesa mosadziwa, chipeso chikukodwa, onse awiri akuseka, kenako mkazi akuyamba kulira. Mwamuna akumugoneka mutu pachifuwa chake, malaya ake akunyowa, n'kumupsompsona pachipumi. Palibe lipenga. Pankangomveka madzi akudontha mu beseni, ndi mvula yathu padenga la malata.

Holo inali zii. Kenako mawu a mwamuna wina anatuluka mumdima. "Ameneyu anamudyetsa mankhwala."

Anthu angapo anaseka, koma mayi wina wa nsomba anamudula. "Khala chete iwe. Tsiku udzathyoke manja tidzaone amene adzakusambitse."

Onse anabweza maso pa chinsalu. Ngakhale anyamata a chipani pa benchi yawo ankangoonera ngati wina aliyense. Ine ndinali nditaphimba malo otere ambirimbiri, ndipo aka kanali koyamba kumva holo ikupuma limodzi ndi anthu a pa chinsalu.

Filimu itatha ndinabweza rilo m'chitini, ndipo ndisanamange lamba Aubrey anabwera kudzanditenga. Pakhonde panali a Longwe, a Gondwe ndi Tiwonge.

"Ndiwe wogwira chikatoni?" anandifunsa a Longwe.

"Ndine, adada."

"Zimene umabisa masiku onse ndi ngati zimenezi?"

"Zambiri ndi zimenezi, adada. Zina ndi wansembe ndi wapolisi wogula machesi, koma amenewo ndinkawonjezera ndekha."

"Nanga zimene ana asukulu akhala akunena?"

"Ndinapeka ndine. Lachisanu timaonera awiri, ine ndi a Gondwe. Adumbu amakhala kukwaya."

Tiwonge anandiyang'ana ndi maso amene ndinadziwa kuti ndiwalipira kunyumba. A Longwe anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mphunzitsi amene akusankha ndodo, kenako anatembenukira kwa a Gondwe.

"Timapepala tanu ndatiwona tikugwa. Ka mtsikana wokokedwa tsitsi uja kanagwera kuti?"

"Ija ndi ndewu chabe, adada."

"Ndewu amamenyana awiri. Ine ndaona akumenyedwa mmodzi." Anatsegula ambulera yawo. Atatsika sitepe anaima n'kunena kwa Tiwonge osatembenuka, "Mama, ukauze adada ako kuti thenga abwera sabata yamawa."

"Yewo, adada," anatero Tiwonge atagwada pa simenti yonyowa.

Basi, zinathera pomwepo. Palibe amene anamupepesa Tiwonge pakhonde paja. A Longwe amene anakhulupirira mphekesera ya pa basi sanapepese, Aubrey amene anakhala chete masabata onse aja sanapepese, ndipo amene anagwada n'kuthokoza anali yemwe sanalakwe kanthu. Ine ndinapepesa madzulo ake, koma Tiwonge anati kupepesa kwanga kunali ndi mano panja, n'kundiwomba ndi chikho kumbuyo kwa mutu.

A Gondwe anandichotsa ntchito pakhonde pomwepo alendo asanafike n'kumsewu komwe. "Ukanandimangitsa, iwe satana. Usadzapondenso pano." Sabata yonse anagona ndi mantha kudikira kuitanidwa, koma palibe anawaitana. Loweruka lotsatira anali atapeza mnyamata wina, ndipo ndikudutsa panja ndinamva likhweru likulira ngati kale. Sanaphunzirepo kanthu, ndipo sindikuganiza kuti adzaphunzira.

Ine chimene ndinatola pa ntchito imeneyi n'chakuti ukabisa mwamuna akusambitsa mkazi wake wodwala, n'kusiya poyera mwamuna akukoka mtsikana tsitsi, waphunzitsa holo yonse kuti chochititsa manyazi ndi chikondi. Anyamata aja sanabadwe akuombera m'manja zinthu zotere. Anazolowera pa tebulo langa, Loweruka ndi Lamulungu, ine ndikugwira ntchito yanga bwinobwino monga anandiuzira.

Adada kunyumba anamva nkhani yonse, kenako anagamula. Anati popeza ndinatsala pang'ono kuphwasula ukwati, nkhuni zonse zophikira pa ukwatiwo nditute ndine ndekha, pa wilibala, kuchokera kwa amalume ku Kaning'ina mpaka ku Chibavi, tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu mpaka mulu ufike pa denga la khitchini. Amayembekeza kuti ndilira. Ine ndinangofunsa kuti wilibala ili kuti.

Wilibalayo inali ndi gudumu lolira ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Njira yachidule ilipo, koma ine ndinkadzera kumsika, pa mzere wa amayi a nsomba, pang'onopang'ono. Aliyense wofunsa kuti nkhuni zonsezi n'zachiyani ndinkamuyankha mokweza kuti n'za ukwati wa mtsikana wa matikiti uja, abwere adzadye. Tsiku lachitatu adada anatopa ndi phokoso la gudumu n'kundipatsa kachitini ka girisi. Ndinathokoza ndi manja awiri, n'kukabisa kuseri kwa khola la nkhuku.